Kafukufuku wa Thandizo

Estere Mbewe ankasanja mabuku patebulo lalitali pamene anaona bambo wina wachikulire ataima pakhomo la laibulale. Linali tsiku lachiwiri la chionetsero. Yunivesite ya zaulimi imene Estere ankagwirako ntchito inali italengeza pa wailesi kuti alimi abwere adzaone zimene ophunzira anapeza pa kafukufuku wawo m'minda.

"Lowani bambo, musaope. Salipiritsa," anatero Estere.

"Zikomo mayi. Ndine Januario Kachiwanda wa ku Kabudula. Ndadzaona buku la mwana wanga, Thandizo. Ndi la chuku cha mu mtedza. Ankayesa m'munda mwanga momwe."

Estere analemba dzinalo pa kompyuta. Silinatuluke. Anayesanso kawiri, osaphula kanthu.

"Kodi anamaliza chaka chiti?"

A Januario anayang'ana pansi. "Sanamalize, mayi. Anatisiya chaka chatha, mwezi wa Epulo. Mutu chabe, masiku atatu. Koma buku anali atalemba. Anandiuza yekha."

Apo Estere anamukumbukira Thandizo. Anali mtsikana wamfupi, wolankhula mothamanga, amene nthawi zonse ankachonderera kuti asunge buku tsiku limodzi lokha. Estere anawapatsa mpando bambowo n'kulowa m'chipinda chakuseri.

Pa mashelefu pankaikidwa kafukufuku wa okhawo amene anakhoza mayeso omaliza. Mapepala ena onse anali m'makatoni, ndipo makatoniwo anali oti akawotchedwe Lachisanu, chifukwa m'chipindamo munkafunika kulowa makompyuta atsopano. Estere anagwada pafumbi n'kuyamba kufukula. M'katoni yachisanu anapeza mpukutu wopanda chikuto, womangidwa ndi mphira, ngodya ina itadyedwa ndi chiswe. Pamwamba panali dzina la Thandizo.

A Januario anayamba apukuta manja pa thalauzi asanaulandire. Anatsegula pang'onopang'ono, kenaka nkhope yawo inagwa.

"Zolemba zofiira zonsezi ndiye kuti analephera, eti?"

"Ayi bambo. Ndi aphunzitsi ake, ankamusonyeza pofunika kukonza. Onani apa, alemba kuti ntchitoyi ndi yabwino kwambiri."

"Tandiwerengerani pang'ono. Chingerezi ine chinandidutsa."

Estere anakhala pambali pawo n'kumamasulira. Atafika pamene Thandizo analemba kuti anayesa m'munda wa maekala awiri, bambowo anakweza chala.

"Awiri ndi theka! Ndinamuuza ine. Mwana ameneyu kumva ayi."

Estere anapitiriza. Thandizo anapeza kuti mtedza woyanika padothi unkagwidwa ndi chuku kwambiri kuposa woyanika pathandala.

"Zimenezo tinakangana nazo sabata yathunthu," anatero a Januario. "Ndinati iwe, ine ndinayamba kulima mtedza amako asanaphunzire n'kusinja komwe, lero undiphunzitse ndiwe? Iye akuti, ‘Ababa, ndiye mwakhala mukudya chuku zaka makumi anayi.’"

Anaseka, koma kusekako sikunakhalitse. Anatembenukira kukhoma, mapewa akunjenjemera. Ophunzira awiri amene ankawerenga pafupi ananyamula mabuku awo mwakachetechete n'kusamukira patebulo lina.

"Thandala ndinamanga chaka chino," anatero a Januario. "Iye sanalione."

Estere anadikira kuti apume, kenaka anati, "Mapepalawa ndi anu, bambo. Ndikukulungirani mupite nawo."

A Januario anapukusa mutu. "Amayi ake akangoona zolemba zake amakhala masiku awiri osadya. Ndiponso kwathu awerenga ndani? Likhale kuno pamodzi ndi a anzake. Pa wailesi anati mabuku a ana ali pano."

Estere sanafune kulonjeza zabodza. Anapita kukaitana a Felix Chisale, mkulu wa laibulale, n'kuwafotokozera zonse panjira. A Chisale anawapatsa moni bambowo ndi manja awiri ndi kuwapepesa maliro. Kenaka anakanda pamutu.

"Bambo, ndikanakonda. Koma lamulo silitilola. Ntchito imene sinayesedwe mpaka kumapeto sitingaiike pamodzi ndi imene inayesedwa. Wina akhoza kuitenga ngati yovomerezeka."

"Ndamva, bwana," anayankha a Januario. "Sikuti ndikulimbana ndi lamulo. Ndimangoganiza kuti poti anatsala pang'ono..."

Anayamba kubwezera mphira pa mpukutu uja.

"Bwana," anatero Estere, "nanga shelefu ya mabuku amphatso? Paja pamakhala chilichonse chimene munthu wapereka, bola tilembepo kuti n'chiyani."

A Chisale anavomera. "Ulembe pachikuto kuti mwini wake anamwalira asanayesedwe. Ndipo woperekayo asaine fomu. Chikuto uwauze a kobayinda, omata mabuku aja, aike cholimba."

Estere anabweretsa fomu. A Januario anakana kudinda chala, anati dzina lawo amatha kulemba okha. Analemba chilembo chimodzichimodzi, akukanikiza mpaka bolopeni inatsala pang'ono kuboola pepala. Pa mzere wofunsa ubale wa wopereka ndi wolemba, Estere anawalembera mawu awiri: bambo ake.

"Kodi alipo amene adzaliwerenge?" anafunsa a Januario.

"Sindikunamizani bambo, sindikudziwa. Shelefu imeneyo anthu safikako kawirikawiri. Koma aliyense wodzafuna za chuku, ndidzamulozera."

"Basi, zakwana." Anasuzumira patebulo la ophunzira. "Kodi munthu ngati ine amaloledwa kukhala pamenepo?"

"Khalani mmene mungafunire."

A Januario anakhala pampando pakati pa ophunzirawo, n'kuika mapepala a mwana wawo patsogolo. Anayambira tsamba loyamba. Sankatha kuwerenga liwu ndi limodzi lomwe, koma tsamba lililonse ankaliyang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi asanalitembenuze. Nthawi ya nkhomaliro inakwana, alimi ena anatuluka kukalandira chakudya, iwo osasuntha. Atafika tsamba lomaliza anasanja mapepalawo bwinobwino, anawapereka kwa Estere ndi manja awiri, n'kufunsa njira yotulukira kumsewu.