Mboni Yanga Ili pa Benchi

Ku yunivesite tinali ndi aphunzitsi ena amene tinkawatchula kuti a Dziwanani. Phunziro lililonse ankalitseka ndi mawu omwewo: "Digiri ndi pepala chabe, dziwanani ndi anthu." Ine ndinamvera. Kwa zaka ziwiri ndayenda m'misonkhano ya ophunzira akale, kugwirana chanza ndi mabwana amene maso awo amakhala ali pa munthu wina kumbuyo kwanga. Manambala a foni ndatolera ambiri. Oyankha ndi a Dziwanani okha, n'chifukwa chake m'kalata zanga zofunsira ntchito, dzina lawo limakhala loyamba pa ondichitira umboni.

Lolemba ndinaitanidwa kukampani ina ya inshuwalansi. Malo anali amodzi. Alamu anga, amene ndimagona pabalaza pawo, anali atandiuza kale kuti mwezi ukatha ndisanapeze ntchito, ndibwerere kumudzi. Sananene mwaukali. Ananena akupukuta nsapato.

Pa benchi ya m'khonde tinalipo asanu ndi anayi, aliyense envulopu yakhaki pamiyendo. Kumapeto kunakhala bambo aimvi, jekete litawathina m'mapewa. Ndinawazindikira ndi kagwedezedwe ka phazi: anali a Dziwanani.

"Aphunzitsi, mwabwera kudzandinenerera?"

Anayang'ana envulopu yawo, kenaka yanga. "Kontilakiti sanandiwonjezere, mwana wanga. Miyezi isanu tsopano."

"Si sabata yatha yomweyi munandiuza pafoni kuti muli m'kalasi?"

"Ndinali m'chipinda. Mipando inalimo."

Ndinaseka pang'ono. Iwo ayi.

Anayamba kuitana ine. Mkati munali anthu atatu ndi botolo limodzi lamadzi. Ndinayankha bwino ndithu, mpaka mayi wokhala pakati anafika patsamba lomaliza.

"Mboni yanu yoyambayi ilinso pa mndandanda wathu," anatero mayiyo. "Tiimbirenji foni munthu ali pakhomo? Aloweni."

A Dziwanani analowa, envulopu ataibisa kumbuyo ngati mwana woba shuga.

"Mtsikanayu mumamudziwa?"

"Kwambiri. Wakhama, wanzeru, sanachedwepo m'kalasi mwanga."

"Ndiye timulembe?"

Phazi lija linasiya kugwedezeka. Sanandiyang'ane.

"Kungoti ntchito sanagwirepo," anatero. "Angafunike munthu womuphunzitsa kaye."

Silinali bodza. Ndinalifufuza bodzalo njira yonse yobwerera kunyumba, osalipeza.

Lachisanu a Dziwanani anandiimbira okha. Anawalemba ntchito ija. Anayankhula nthawi yaitali za ana awo atatu, ine ndikupinda zovala n'kumaika m'chikwama. Pomaliza anati, "Malo ena akapezeka, ndidzakutsina khutu."

"Zikomo, aphunzitsi."

Achemwali anga, amene ankamvetsera ali pakhomo la khitchini, anandipatsa cholembera. "Fufuta dzina lakelo. Munthu ameneyo ndi njoka."

Ndinatenga kalata yanga yofunsira ntchito, cholembera chili m'manja. Pa manambala onse aja, munthu yekhayo amene ali pa ntchito ndipo amayankha foni yanga ndi iwowo.

Ndinangokonza adiresi yawo.