Mpeni Wokulunga M'kansalu

Ndagwira makina osemera zitsulo a a Usumani ku Balaka zaka makumi awiri ndi zitatu. Chaka chino anabweretsa Sufiyani, mwana wa mlongo wawo, wa satifiketi yake.

"Che Blasius, makina ndi amodzi," anatero a Usumani. "Lachinayi aliyense aseme bushi ya pulasitiki ya mjigo wa ku Chikweo. Yosalala ndi imene itsalitse mwini wake pano."

Bushi ndi kampete kochindikala kamene chitsulo cha mjigo chimazunguliramo. Sindinaope. Pulasitiki siifuna mphamvu ayi. Ukaifinya imapindika, ikatentha imasungunuka n'kumera ubweya. Ndinali ndi mpeni wanga womalizira, wonola ngati lezala, wosakhudzapo chitsulo chiupangireni. Ndinkaukulunga m'kansalu. Ukamadula, chosemedwacho chimatuluka ngati luzi limodzi lalitali, pansi pake pakuwala.

Lachitatu ndinapita kuchipatala kukatenga mankhwala a maso. Ine wosakhulupirira ngakhale m'bale wanga, kansalu kaja ndinakasiya m'dirowa.

Lachinayi ndinayamba ndi mpeni wamba mpaka kutsala pang'ono ngati chikhadabo. Ndinadikira pulasitiki izizire, ndinayeza, kenaka ndinamanga mpeni wanga uja pamakina. Kudula komaliza ndi kamodzi basi. Ukabwereza, bushi imachepa n'kumagwedera. Nditangoyamba ndinamva kulira kwachilendo. M'malo mwa luzi munkagwa zinyenyeswa. Ndinagwira nsonga ndi chala: yabenthuka.

Bushi inatuluka yaubweya ngati chitsononkho.

"Wagwira mpeni wanga ndani?"

"Madala, mmisiri akakalamba amanamizira zida," anatero Sufiyani akuseka. Yake anali ataikwecha ndi sandipepala mpaka kuyera mbuu, mizere ili thoo.

A Usumani anasisita zonse ziwiri ndi chala chachikulu. Sanandiyang'ane.

"Maso atha, Che Blasius. Si mlandu. Dzulo lomweli munali kuchipatala."

"Maso ali bwino. Taonani nsonga iyi."

"Iyayi, tisavutane. Kapumeni kwanu ku Rivirivi, muzikalima."

Ndikupinda ovolosi yanga, Sufiyani anandilondola pakhomo.

"Madala, kampeni kam'kansalu kaja mundisiyire. Dzulo kanandidulira bawuti ngati chinangwa."

A Usumani anali pomwepo. Anamva, n'kuyamba kufufuza china chake m'foni.

Mpeniwo ndinamusiyira. Mwala wonolera ndinauika m'thumba. Kanoledwe ka mpeniwo palibe anandifunsapo zaka zonsezi, ndipo tsikulo sanafunsenso.