Khola la Mapaipi a Madzi

Galimoto ina inalowa pagalaja ikubangula n'kudzaima pafupi penipeni ndi phazi la Bweranimawa. Fumbi lonse linakagwera pa geti la kasitomala limene ankawotcherera. Iye anakankhira galasi lakumaso pamphumi n'kulavula.

"Mabuleki akugwira, alamu, mwaona?" anatero woyendetsayo akutuluka mopindika, poti m'kati munali mutapingasa zitsulo zofiira. "Ndipo sanawakonze ndi inu. Ndadzatenga tayala langa ndi malamba a pampando ndinasiya muno."

Bweranimawa anali makaniko komanso wowotcherera, ndipo luso anali nalo, zimenezo ngakhale adani ake ankavomereza. Koma dzinali sanachite kulitola panjira. Galimoto ikalowa pagalaja pake inkamera udzu m'matayala mwini wake akungouzidwa kuti abwere mawa. Woyendetsa uja anali mwamuna wa mlongo wake wa Bweranimawa. Ankagwira ntchito yoperekera buledi m'magolosale, ndipo chifukwa cha mmene ankakhotera pamakona anthu ankamutcha Liwiro. Awiriwa sankamwerana madzi. Bweranimawa ankati mlongo wake anakwatiwa ndi phokoso, Liwiro ankati anakwatira mkazi wabwino wochokera ku banja la fulu.

Galimotoyo inali yakalekale, Liwiro anaigula nkhuku zikuikiramo mazira. Liwiro ndi mkazi wake, yemwe anali telala, anagwa m'chikondi ndi mpikisano wa anthu wamba wothamangitsa magalimoto m'misewu ya fumbi kunja kwa tauni. Mwamuna aziyendetsa, mkazi azikhala pambali n'kumamuuza za makona ndi zigwembe zimene zili kutsogolo. Anachotsa mipando yakumbuyo ndi makapeti kuti ipepuke, anaikweza masipuling'i, pansi pa injini n'kumangapo chitsulo choteteza ku miyala. Chinatsala ndi chimene othamanga amachitcha khola: mapaipi owotcherera m'kati mwa galimoto, oti ikagubuduzika denga lisaphwanye anthu. Liwiro anayenda mpaka kupeza mapaipi ake enieni, ochindikala, opanda msoko, n'kudzawatula pagalajapo pamodzi ndi galimotoyo kuti mlamu wake awotcherere. Mvula inabwera n'kupita mapaipi ali pansi.

Ndiye tsiku lina chokwezera injini cha Bweranimawa chinathyoka, injini ya lole ikudikira. Makaniko saba, amangobwereka. Batire ya uyu imakalizira galimoto ya uje, nati ya uje imakamanga ya winanso, zonse n'kudzabwerera m'malo mwake tsiku losadziwika. Iye anabwereka mapaipi aja, anaimika miyendo italiitali ndi mtanda pamwamba, anakolekapo tcheni, n'kupaka penti yakuda. Liwiro atafunsa, anamuuza kuti akuba analowa. Liwiro anatukwana, anakoka galimoto yake, ndipo kuyambira pamenepo anali asanapondenso pagalajapo.

"Ndani wakuwotchererani zimenezi?" anafunsa Bweranimawa akusuzumira pawindo.

"Mnzanu wa tsidya la msewu. Iye mawa lake limafika."

Bweranimawa anagogoda paipi imodzi ndi sipanala. Kulira kwake sikunamusangalatse. Anayendetsa chala m'litali mwake ndipo pansi pa penti anamva kamzere kotumphuka. Atawerama kuseri kwa mpando anaona kuti nsonga ya paipi ina inali idakali ndi mazinga omangirapo mpope.

"Awa ndi mapaipi a madzi, alamu."

"Chitsulo ndi chitsulo."

"Mwawatenga kuti?"

"Panyumba ina akugwetsa. Kodi ndi mlandu? Mukanakonda ndiike nsungwi?"

"Bola nsungwi imapindika. Iyi ili ndi msoko, ikamenyedwa imang'ambika ngati thalauza lothina. Ndiye m'kati mwadya dzimbiri. Mukagubuduzika, khola lomweli ndi limene lidzakubayeni."

Liwiro anaseka, kuseka kouma kofuna kuti amakaniko a magalaja oyandikana nawo amve. Ndipo anamvadi, chifukwa ena anayamba kusendera akupukuta manja.

"Tamverani mphunzitsi wa zitsulo. Amalephera kulondera mapaipi pakhomo pake, koma kulalikira ndiye ayi ndithu. Mpikisano ndi mawa, bambo. Oyendera magalimoto a mpikisano amangogwedeza ndi dzanja n'kuona penti. Zengerezu analinda kwawukwawu, ife tatopa nako kulinda."

"Inu mukafe nokha, ndidzabwera kudzanyamula nawo bokosi. Koma pampando uwu pakhala mwana wa mayi anga."

"Ndi mkazi wanga."

"Anali mlongo wanga inu musanaphunzire kupukuta mamina."

Apa n'kuti mlongo wakeyo akulowa pageti, atanyamula zisoti ziwiri ndi maovolosi amene anasoka yekha, tepi yoyezera idakali m'khosi. Anawayang'ana onse awiri ngati mmene ankayang'anira nsalu yodulidwa molakwika.

"Ndakumverani ndili kumsewu," anatero. "Mwayambanso?"

"Achemwali, galimoto iyi simukwera," anatero Bweranimawa.

"Moni kaye, achimwene. Miyezi yonseyi osandiona, mawu oyamba n'kukhala lamulo?"

"Khola ili ndi la mapaipi a madzi. Amuna anuwa akufuna akuikeni m'msampha wa mbewa. Tsoka silinunkha."

Mayiyo anaika zisoti pa boneti mosafulumira.

"Ndikudziwa kuti ndi a madzi. Ndinathandiza nawo kupala dzimbiri lakunja. Mumafuna titani? Mapaipi athu abwino aja ali kuti?"

"Ndinanena kale. Anaba."

"Anaba," anabwereza mlongo wakeyo. Anayenda mpaka pakati pa galaja, pamene injini ya minibasi ya kasitomala inkalendewera pa tcheni, n'kusisita mwendo umodzi wa chokwezera chija. "Akuba ake anali aulemu bwanji. Kuba mapaipi, n'kukumangirani chokwezera injini, n'kukupakirani ndi penti yomwe. Mapaipi amenewa ndinawayeza ndine ndi tepi iyi, achimwene. Ndinawazindikira tsiku lomwe ndinadutsa pamsewupo. Ndinakhala chete chifukwa ndinu achimwene anga, ndimati manyazi akugwirani, mubweza. Koma inu manyazi munawauzanso kuti abwere mawa."

Wina mwa amakaniko aja anaseka n'kudzigwira pakamwa. Bweranimawa anafuna kunena kuti anangobwereka, koma mawuwo, amene ankatuluka mosavuta tsiku lililonse, tsikuli analibe ntchito.

Liwiro sankadziwa. Anayang'ana chokwezeracho, anayang'ana mkazi wake, kenako mlamu wake.

"Ndiye kuti ine ndinkayendayenda m'misika ya zitsulo kufunsa ngati wina wagulitsa mapaipi anga, inu mukundiona? Munandiperekeza ndi maso, wakuba ali pompano akukwezera mainjini a anthu? Ndipo lero mukutsegula pakamwa kunena za moyo wa mlongo wanu?"

"Ndalakwa. Koma galimotoyi..."

"Khalani chete. Mayi, tengani malambawo tizipita. Munthu uyu kwa ine anafa."

Mayiyo anatola malamba aja pa benchi osamuyang'ana mchimwene wake. Bweranimawa anaona chisoti chaching'onocho pa boneti, chimene mlongo wake anachisokera kansalu m'kati kuti chisamakhwepe. Anali atakokapo magalimoto ogubuduzika, ankadziwa mmene denga limakhalira likafika pa mipando. Mantha anamugwira, ndipo pamwamba pa manthawo panali mkwiyo, chifukwa ankadziwa kuti amene anaika mapaipi a madzi m'galimotomo kwenikweni anali iye. Kupepesa sikukanawaimitsa. Kuwauza oyendera magalimoto kunali kutchova juga. Makina odulira zitsulo anali pompo pafupi ndi geti ankawotcherera lija, waya wake ali kale kumagetsi.

Anawanyamula, anatsegula chitseko cha mbali yokhala mlongo wake, n'kukanikiza pa paipi yokwera kudenga. Moto unathetheka m'galimoto monse. Paipiyo sinalimbe n'komwe, inaduka ngati chinangwa. Anasamukira pa ina.

Chibakera cha Liwiro chinamupeza pakhutu. Makina anagwa n'kuzima. Chachiwiri chinamung'amba mlomo, ndipo akanalandira chachitatu amakaniko aja akanapanda kumugwira Liwiro m'chiuno. Bweranimawa sanabwezere. Anadzuka, anatola hamala, n'kumenya kamodzi paipi yodukayo. Msoko unayasama kuyambira pamwamba mpaka pakati, ndipo dzimbiri losakanikirana ndi zouma za m'madzi linakhuthukira pampando wa mlongo wake.

Mayiyo anayang'ana mulu wa dzimbiriwo kwa nthawi. Misozi inatsika, koma sinali yothokoza.

"Mukudziwa kuti ndasoka madiresi angati ndikuganiza za mawa?" anatero motsitsa mawu. "Chinthu chimodzi chokha chimene ine ndi amuna anga timachitira limodzi osakangana. Munatibera koyamba, lero mwatiberanso kachiwiri, ndipo mukufuna ndinene kuti zikomo."

"Sindikufuna zikomo. Ndikufuna mukhale moyo."

"Mukanafuna zimenezo mukanawotcherera khola mvula isanagwe."

Liwiro anadzipulumutsa m'manja mwa omugwira aja. Anasuzumira m'galimoto, anagwira paipi yong'ambikayo, ndipo chala chake chinabowola pamene panali dzimbiri. Anachichotsa msanga n'kuchipukutira pathalauza. Sananene kuti mlamu wake amanena zoona. Munthu ngati Liwiro angalole kumeza sipanala kusiyana n'kunena zimenezo.

"Tiyeni kupolisi," anatero. "Kuba ndi kuwononga katundu. Mboni ndi izi."

"Apolisi sawotcherera," anayankha mkazi wake. Anapukuta maso ndi ovolosi ija n'kutembenukira kwa mchimwene wake. "Galimoto tikuisiya pompano. Mpikisano wa mawa mwatidyera, umenewo sindidzaiwala. Mpikisano wina ukubwera. Mapaipi athu ndi awo aima apowo. Kunyumba kwanga musapondeko mpaka khola litatha."

"Ndikachotsa chokwezerachi ndizikweza ndi chiyani mainjini? Ndi chimene chikundidyetsa."

"Mukabwereke," anatero mlongo wake. "Si paja mumadziwa kubwereka?"

Anatola zisoti zija. Atafika pageti anaima, anabwerera, n'kuika chisoti chaching'ono chija pa benchi, pakati pa masipanala.

"Ndipo mukamaliza, woyamba kukhala pampando wangawo ndinu. Alamu anuwa adzayendetsa mmene amayendetsera, mumsewu wa zigwembe uja. Mukadzatsika muli wamoyo, ine ndidzakwera."

Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo Liwiro anamwetulira, ndipo kumwetulira kwake sikunali kwabwino.

"Mudzadye pang'ono tsiku limenelo, alamu," anatero. "Makapeti tinachotsa, koma kukolopa sindikonda."

Anatuluka wapansi, mwamuna patsogolo, mkazi pambuyo. Amakaniko aja anabwerera kumagalaja kwawo akunong'onezana, ndipo Bweranimawa anadziwa kuti pofika madzulo msewu wonse ukhala utamva.

Analavula magazi. Anakoka tcheni pang'onopang'ono mpaka injini ya minibasi inakhala pa matayala akutha amene anayala pansi. Akumasula tcheniyo, mwini minibasi analowa akupukusa makiyi.

"Bwanji mukuitsitsanso? Paja munati lero ilowa. Kapena ndibwerenso mawa?"

"Musabwere," anatero Bweranimawa. "Kaitaneni wa tsidya la msewu adzaitenge. Kuno kulibenso chokwezera."

Munthuyo anayamba kulalata, koma iye anali atatsitsa kale galasi lakumaso. Anatola makina aja, anayang'ana chisoti chili pa benchi, n'kuyeza ndi maso mwendo woyamba wa chokwezera chija kuti adule malo oti paipi isafupike.