Zigoba za Orval Zinatalika

"Ababa, mfutiyi ikukana kutseka," anatero Twila, akukankha chitsulo chotsekera ndi chikhatho.

"Kankha, mwanawe. Ndi chisanu," anayankha Orval. "Chitsulo nacho chimauma ngati mawondo a amalume akowa."

Anali kuseri kwa khola la ng'ombe, kuchigwa kwathu ku Montana, kuyesa mfuti. Twila, mayi wa ana awiri, anachita nawo maere a boma zaka khumi ndi chimodzi, ndipo chaka chimenecho chilolezo chopha nyama yamphongo yonga mphalapala chinamugwera. Zipolopolo anamukonzera ndi bambo wake. Orval za m'sitolo ankati ndi za anthu a m'tauni. Iye ankatola zigoba zamkuwa zowombera kale, n'kuthiramo wonga, n'kutsekapo mutu watsopano. Kwa zaka makumi anayi theka la chigwa linadya nyama ya zipolopolo zake, ndipo aliyense anakumbutsidwa kangapo.

Hoyt, mlamu wake wa Orval, anali atatsamira mpanda.

"Alamu, zigobazi munaziyeza? Paja chigoba chili ngati bodza la mlenje. Ukachiwomba chimatalika, ukabwereza chimatalikanso. Chimafuna kudula kukamwa."

"Ndinayamba kuyeza inu mukukodzera pabedi."

"Eya, Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Tandiwerengereni nambala ili pabokosi ilo."

Orval analiyang'ana bokosilo, nalavula malovu. "Sindine mwana wasukulu."

Zoona zake n'zakuti chiyambire chaka chatha timizere ta pachoyezera tinkamuvinira m'maso. Magalasi anawakana, ati ndi a abusa ndi akalaliki a kubanki. Zigoba ankangozisisita ndi chala chachikulu n'kuvomera yekha ndi mutu.

Twila anakankha ndi mphamvu, mfuti inatseka. Anatsamiritsa tsaya, naloza, nakoka.

Kulira kwake sikunali kwa masiku onse. Utsi unatulukira kumbuyo. Twila anaika mfutiyo pansi bwinobwino, monga anamuphunzitsira bambo wake, kenako anagwira diso lakumanja. Magazi anadutsa pakati pa zala.

"Ababa," anatero motsitsa, "kwada mbali imodzi."

Patapita masiku atatu, Twila akadali kuchipatala ndi mwamuna wake, Hoyt analowa m'galaja ya Orval osagogoda. Anatenga choyezera, nayamba kutola zipolopolo zotsala chimodzichimodzi.

"Chatalika. Ichinso. Ichinso."

"Kwambiri?" anafunsa Orval.

"Kukhuthala kwa chikhadabo basi. Kukamwa kwa chigoba kunapanikizika mumpope wa mfuti, kunaluma mutu osautaya. Moto unasowa njira, unabwerera kwa mwana."

Orval anakhala pa chidebe. Manja ake anali lende pakati pa mawondo.

"Bwanji simunandiletse?"

"Ndinakuuzani, alamu."

"Simunandiuze. Munaseka. Inu chilichonse mumaseka, ngakhale pamaliro. Ndikadadziwa bwanji kuti tsiku limenelo mukunena zoona?"

Hoyt, munthu amene sanasowepo chonena chibadwire, anaika choyezera patebulo n'kutuluka.

Dokotala anati disolo silidzaonanso. Nyengo yosaka inatseguka, magalimoto a anzathu ankadutsa pamsewu nyanga zili m'mwamba, Orval n'kumatseka makatani.

Lamulungu lina Twila anabwera kudzawaona makolo ake, diso lili ndi chigamba chakuda. Anamupeza bambo wake kukhitchini, ndevu zosameta.

"Nkhope yamaliroyo ndi ya chiyani, ababa? Polozera mfuti paja diso limodzi timatsinzina kale. Ine zandiphwekera."

Orval anayesa kuseka, koma zinakanika. Onse awiri ankadziwa kuti lomwe latsinzina ndi lolozeralo.

"Khalani pomwepo, ndikuthirireni khofi," anatero Twila.

Ananyamula ketulo, napendeketsa mosamala, akuyang'anitsitsa. Khofi anathirikira patebulo, pambali penipeni pa kapu. Iye sanaone msanga, anapitiriza kuthira.

Orval anatambasula dzanja, nakankhira kapu pansi pa mlomo wa ketulo, khofi wotentha akumuwaula zala.