Chidindo cha Kaputeni

Ine ndinayamba ndi pampu imodzi yopopera matayala m'mbali mwa msewu. Lero ndili ndi mashopu atatu ndi malole awiri, ndipo kuyenda ndiye ndayenda. Pasipoti yanga yachitatu inadzaza mpaka apachipata ankasowa podinda. Ndiye agalu atayamba kubedwa m'dera lathu, wa adokotala, wa abusa, awiri a mayi wa saluni, ine ndinangoseka. Ndinati wanga yekha sapita.

Kaputeni anali galu wakuda bii, mutu ngati ndowa. Ndinabwera naye pa lole ali kamwana, atagona m'jekete langa. Akuba agalu njira yawo ndi imodzi: amaponya nyama yothira mankhwala ogonetsa, galu adya, agona, amunyamula ngati thumba. Ine ndinatseka njira imeneyo. Ndinamuphunzitsa kuti asadye kanthu, kaya ndi chiwindi chootcha, mpaka atamva liwu limodzi lochokera pakamwa panga. Osati "idya", limenelo ngakhale chitsiru chingalilote. Liwu lake linali "dinda". Monga pachipata cha dziko: popanda chidindo sudutsa.

Ndinkamunong'oneza m'khutu, moti ngakhale mayi a kunyumba sankalidziwa. N'chifukwa chake maulendo anga sankapitiriranso masiku awiri.

"Nanga mukadzafa, bambo a ana?" ankandifunsa. "Tidzakuikani naye limodzi?"

"Ine kufa? Imfayo iyambe yapeza viza."

Anamuba Lachiwiri masana, ine ndili kushopu. Sanaponye nyama ayi. Anabwera amuna awiri pa galimoto yoyera, atavala makoti oyera, akuti akubaya agalu katemera wa chiwewe ndipo agalu akuluakulu akukawabayira kuofesi. Mayi a kunyumba anatsegula okha geti, namumanga okha pakamwa, nawapatsa tcheni m'manja.

Sindinawakalipire. Ndinangoti, "Abwera naye okha. Galu wosadya amugulitsa kwa ndani?"

Lachisanu foni inalira. Nambala yanga akubawo anaipeza pa lamba wa m'khosi mwa Kaputeni.

"Bwana wa matayala?" Anali mawu a mwamuna, ofatsa ngati a mlembi wa mpingo. "Mlendo wanu kuno sakudya. Tayesa nyama, tayesa mazira. Akungoyang'ana mbale, dovu chuchuchu. Munamutani?"

"Ndinamuphunzitsa, mbava iwe. Kusukulu kumene iwe sunapondeko."

"Eee, ndiye tiuzeni mawuwo, adye."

"Bwera naye pageti panga, adya."

"Pageti panu pali apolisi, bwana. Ifenso tili ndi ana."

Ndinadula foni ndikuseka. Ndakhala ndikutsutsana mitengo ndi anthu a zinenero zisanu ndi ziwiri, ndimadziwa kuti woyamba kuphethira ndiye waluza. Ndikawapatsa liwulo, Kaputeni adya, anenepa, amugulitsa, ndipo sindidzamuonanso. Ndikawamana, atopa naye.

"Nanga akapanda kutopa?" anatero mayi a kunyumba. Anali atakhala pa sitepe ya kukhitchini, maso ali kukhola. "Wakuba samva njala ya galu wa mwini. Mukupikisana ndi munthu, koma amene akuwonda ndi wina."

"Inu munapereka kale tcheni. Zotsalazi ndisiyireni."

Ananyamuka n'kulowa m'nyumba. Sanandiyankhulenso mpaka Lamulungu.

Loweruka ndinapita kwa dokotala wa ziweto, amene ankamubaya Kaputeni katemera weniweni. Anandimvetsera akupukuta magalasi.

"Ngati akumwa madzi, nthawi ikadalipo pang'ono," anatero. "Akasiya madzi, musandifunsenso."

Lolemba m'mawa ndili pakati pa makasitomala, pafoni panalowa chithunzi. Kaputeni atagona pa simenti pambali pa dilamu, nthiti zikuwerengeka, mutu uja utatsamira pa mwendo. Pafupi ndi mphuno yake panali mbale yodzaza, ntchentche zili ng'waa. Ndinalowa m'stolo yosungira matayala n'kutseka chitseko. Foni inalira.

"Mwaona, bwana? Kuyambira dzulo ngakhale madzi akukana. Akafa tingomutaya m'ngalande, ife tipeza wina. Inu ndi amene mukudziwa."

Ndinafuna kumutukwana mpaka agogo ake. Koma ndinayang'ananso chithunzi chija.

"Dinda," ndinatero.

"Chiyani?"

"Umuuze m'khutu kuti dinda."

Ndinamumva akunena, kawiri, katatu. Kunali zii.

"Sakundimvera. Nenani nokha, ndaika pa sipika."

Ndinagwada pakati pa matayala ngati iye ali pompo. "Kaputeni. Mnyamata wanga. Dinda."

Poyamba kunalira tcheni. Kenako kulira kwake kuja kwapansipansi, kumene ankalira ndikabwera ku ulendo. Kenako mbale inayamba kukhwekhwerezeka pa simenti, pang'onopang'ono, ndipo ndinamva akutafuna.

"Mupatseni pang'onopang'ono," ndinatero. "Angasanze. Muyambe ndi madzi, ndipo usiku amafuna chofunda, samagona pa simenti yokha..."

"Tamva, bwana. Mawu anuwo tajambula, tizimuikira. Zikomo kwambiri."

Ndinaimbanso kanayi, foni inali yothima. Kunja kasitomala ankaliza hutala kufuna tayala lake. Ndinapukuta kumaso ndi malaya n'kutuluka kukamuthandiza.

Madzulo ndinapeza mayi a kunyumba akutsuka khola ndi payipi. Ndinawauza kuti wadya.

"Wadya?" Anatseka mpopi. "Ndiye abwera naye liti?"

Ndinatenga tsache n'kuyamba kukankhira madzi kungalande.