Madzi a Bambo Atsekedwa

Pachilumba chathu chonse cha Kadavu, palibe malo oposa kuseri kwa mudzi wathu. Ukavala magalasi osambirira, kapaipi kopumira kali kukamwa, n'kuviika nkhope m'nyanja, akamba amadutsa pansi pako ngati sakukuona. Bambo anga ankawedza pamenepo moyo wawo wonse. Atamwalira, tinazika ndodo pamadzi n'kumangirira masamba a kokonati. Ndiye kuti tabu: osawedza, osasambira, mpaka maliro atatha.

Ine ndinkayendetsa boti la hotelo. Bwana wanga anali Waisake, msuweni wanga, amene chivalireni malaya osita anayamba kuyenda ngati mchenga ukumuotcha.

M'mawa wina Waisake anakweza alendo n'kukwera nawo.

"Vilimaina, lero tipite kwa akamba."

"Kwatsekedwa. Kapena kumaliro unabwerera nkhumba yokha?"

"Aaa, msuweni, usandichititse manyazi. Anthuwa akungokaona, sagwira nsomba. Amalume sangadandaule."

"Akuuza liti? Amakuimbira foni?"

Mlendo wina anaseka, ngakhale sanamve kanthu. Waisake anandiyandikira.

"Ndawalonjeza kale. Ukakana, ntchito yatha. Ana ako adya chiyani?"

Mtima unandiwawa, pakuti ananena zoona. Ndinaliza injini. Tinadutsa doko, tinadutsa tchalitchi, mpaka masamba a kokonati anaonekera akuuluzika. Alendo anayamba kuvala zipsepse kumapazi. Ndinazimitsa injini tisanafike pandodo, ndipo ndinachoka pampando.

"Bwera ukhale apa," ndinatero. "Boti umalidziwa. Lowetsa wekha."

"Usachite misala, iwe."

"Misala ndilibe. Anakuphunzitsa kusambira pomwepa ndi amalume akowo, ukulira mamina mbwee. Lowa ukawauze kuti wabwera ndi alendo."

Anakhaladi pampando, dzanja pa chingwe cha injini. Kumtunda amayi ena anasiya kuchapa n'kuimirira. Madzi anali mbee, nsomba zikuoneka mpaka pansi, zochuluka kuposa kale. Ndinkachita mantha kuti akoka chingwecho, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti akatero, ndimugwetsera kunja kwa ndodo.

Sanakoke. Anauza alendo kuti mafunde ndi oipa lero, nyanja ili phee ngati madzi a mumtsuko.

Madzulo ananditumizira uthenga kuti ndisabwerenso kuntchito. Ndinalira, sindibisa. Koma m'madzi a bambo anga simunalowe phazi la munthu.