Kadontho ka Pensulo

Chaka chilichonse mayeso akayandikira, ahedi ankabweretsa pepala la mayina a ana a folomu 4 n'kuliika chafufumimba pa tebulo la mlembi. Mayina ena ankakhala ndi kadontho ka pensulo kumapeto. Amenewo mlembi ankawalumpha potayipa mndandanda wa olemba mayeso. Eni mayinawo ankauzidwa kuti abwereze kalasi, ndipo ambiri sankabweranso.

"Tikuteteza mbiri ya sukulu," ankatero ahedi.

Chitsegulireni fakitale ya nsalu, deralo linadzaza mabanja atsopano. Ana awo ankasinza m'kalasi chifukwa cholera ang'ono awo makolo ali kuntchito. Opeza bwino anasamutsa ana awo, ndipo chiwerengero cha okhoza chinkangotsika.

Chaka china kadontho kanagwera pa dzina la mlongo wake wa kalipentala amene ankakonza madesiki pasukulupo. Mlembi ankamukonda kalipentalayo chamumtima. Ankadziwa kulira kwa njinga yake pageti, ndipo m'maloto anali atasankha kale makatani a nyumba yawo.

Anatulutsa labala m'dirowa. Kufufuta inali ntchito ya kamphindi chabe. Koma ahedi anatsokomola kuseri kwa chitseko. Mlembi anabweza labalayo, dzinalo n'kulilumpha, pepala n'kulikankhira m'dirowa.

Masana ake kalipentala anasuzumira pakhomo.

"Alembi, dirowa yanuyo ikulira ngati mbuzi yanjala. Ndiikonze?"

"Konzani, amisiri, koma musawerenge makalata a zibwenzi zanga."

"Zilipo zingati kodi? Ndiime pamzere?"

Mlembi anaseka, n'kutuluka msanga kuti maso ake asamuulule.

Zotsatira zitatuluka, sukuluyo inakhoza kuposa zaka zonse, ana asanu ndi anayi pa khumi alionse. Ahedi analamula kuti pageti paikidwe chikwangwani chachikulu, ndipo wochikhoma anali kalipentala yemweyo. Mlembi anamupeza akutola misomali pansi.

"Mlongo wanu ali bwanji?"

"Analowa kufakitale. Yunifolomu anang'amba, akupukutira mawindo." Sanadzutse mutu. "Pepala lija ndinaliona tsiku lokonza dirowa lija, alembi. Labala anali pamwamba pake."

Kalipentala anapitiriza kutola misomali uku akuyankhula.

"Sindinadandaule kuti munaopa ahedi. Ntchito ndi ntchito. Koma mukanangondinong'oneza, ndikanathamanga naye kukalembetsa kwina nthawi isanathe. Ineyo ndinkayesa kadonthoko ndi ka fizi, mpaka tsiku limene anabwera kunyumba akulira."

"Ndinkaopa kuti mudana nane," anatero mlembi.

Kalipentala anapisa m'thumba n'kutulutsa kabokosi kathabwa, kosalala, kokhala ndi duwa losema pachivundikiro.

"Ndinakapanga kale, ndinkangosowa tsiku. Muzisungiramo labala wanu."

Njinga inalira pageti, n'kumka nizilala. Madesiki a temu yotsatira anadzakonza munthu wina. Kabokosi kaja kakadali m'dirowa, ndipo dirowayo imatseguka bwinobwino, osalira ngakhale pang'ono.